Nkhope ya pa Chitenge

Mu Novembala 1996, kutatsala sabata kuti anthu avote, a Dabwitso, omwe ankagwira ntchito pafakitale ya nsalu, ankadikira minibasi ya ku Dambwa North mumzinda wa Livingstone. Pambali pawo panaima mayi wogulitsa salaula, zovala zakale zochokera kunja, atavala chitenge cha nkhope ya wina wofuna upulezidenti.

"Amai, uyu mwamumanga m'chiuno akuti azachosa msonkho pa zovala zochoka kunja. Munamvela?"

"Ninamvela. Belo ya salaula ikachipa, bana banga bazadya."

"Nanga banga? Ise tilipila msonkho pa ulusi, pa utoto, na pa malaiti. Koma malaya ya muzungu wakufa yangene mahala?"

"Osanikalipila, batata! Ndine ninalemba bajeti?"

"Ndimwe muvota! Fakitale yathu yapitikisa kale hafu ya banthu. Akawina uyu, Khisimasi izanipeza nilibe nchito."

"Koma akuti azaseula mafakitale yanyowani."

"Yanyowani? Tembenuzani mphepete ya chitenge icho. Belengani kwamene banachidinda."

"Palembedwa ati India."

"Mwaona? Fakitale ili pano pamene mu Livingstone, mashini yagona chabe. Olo nkhope yake sanatipase kuti tidinde ise!"