Fayilo Imene Sidatsegulidwe pa Nathenje

M'zaka zija mafoni asanadzaze m'matumba mwa anthu, pamene uthenga wochokera pa Mitundu unkafika pa Nathenje ndi munthu wapanjinga, achimwene anga a Filimoni adali loya mumzinda wa Lilongwe, ndipo ine, nditasiya kaye uphunzitsi, ndidali mlembi wawo. Tadala mdzukulu wanga, popeza ukuti ukufuna kukaphunzira zamalamulo, ika foniyo pansi undimvetsere, nawenso Chisomo sendera kuno, pakuti nkhaniyi yandisowetsa mtendere chinenere iwe zimenezo. Ayi, mpandowo usiye, ndilankhula chiimirire.

Tsiku loyamba pantchito achimwene adati kwa ine: "Achemwali, zolakwika za m'makalata muzikonza monga mwa chizolowezi chanu, koma zimene mwawerenga muno zizitsala muno." Ndidavomera msangamsanga chifukwa sindinkadziwa kulemera kwake. Lero munthu akangomva kanthu chala chake chili kale pafoni, koma ife zinsinsi za anthu tinkazitsekera m'kabati yachitsulo.

Chaka china kudabwera bambo wina wogula fodya, wakwathu konkuno, thukuta lili kamukamu, chipewa chili m'manja. Adali atachitira chinthu choipa anthu amene ankamukhulupirira, ndipo achimwene adamuthandiza kukambirana ndi olakwiridwawo mwakachetechete, nkhani isanafike kukhoti. Fayilo yake ndidaitayipa ndine, tsamba ndi tsamba, kotero palibe chimene sindidachidziwe.

Patapita nthawi, anthu a m'midzi ya pakati pa Mitundu ndi Nathenje adapempha achimwene kuti akawaimirire ku Nyumba ya Malamulo. Ukuti chiyani, Chisomo? "Anawina"? Mawu athu alipo, mwana iwe: adapambana. Adapambanadi, koma adali phungu wovuta kumuzolowera, chifukwa uloya sudawachoke. Munthu akabwera ndi dandaulo iwo ankati, "Ndiyambe ndamva mbali inayo," pamene mwini dandaulo ankangofuna kumva kuti zitheka. Lamulo lililonse lobwera m'Nyumbamo ankaliwerenga mpaka tsamba lomaliza, ndipo pamaliro akapatsidwa mpata ankangopepesa anamfedwa n'kukhala pansi, osatchula chitukuko ngakhale chimodzi. Anthu ankang'ung'udza kuti, "Aphungu athuwa ndi a mapepala."

Zaka zisanu zitatha, wopikisana nawo adali bambo wa fodya yemwe uja. Ankayenda palole ndi chimkuzamawu, ndipo paliponse mawu ake adali amodzimodzi: "Amayi ndi abambo, loya ndi ndani? Ndi woteteza mbava! Mukaba mbuzi thamangirani kwa Filimoni, akanena kukhoti kuti mbuziyo ndiyo idakutsatirani!" Anthu ankaseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo amayi amene ndinkapemphera nawo adayamba kundilonjera ndi maso okha. Inu ana, taganizani: munthu amene ndidamuona akulira mu ofesi ndi amene ankatitcha ife anzawo a akuba, ndipo ndinkadziwa kuti zimene zidali m'fayilo muja zitangomveka, palibe mayi ndi mmodzi yemwe akadamuvotera.

Msonkhano wathu womaliza udali pa Nathenje, masana dzuwa likuswa mtengo, maminibasi akuliza mahutala pamsewu, ndipo lole ya mnzathuyo idaima dala tsidya lina la msewu n'kumabwereza za mbuzi zija. Anthu athu adayamba kuwoloka mmodzimmodzi kukamvera nthabwala. Mtima udandiwira, ndidakwera pansanja n'kutenga chimkuzamawu.

Achimwene adandigwira dzanja. "Mukanene chiyani, achemwali?"

"Mukudziwa. Mphindi ziwiri zokha."

"Munthu uja adalowa mu ofesi yanga atavula chipewa," adatero motsitsa mawu. "Ine ndikamuvula malaya pagulu lero, mawa mayi wamasiye amene walandidwa munda adzakhulupirira loya uti?"

"Ndiye mutaye mpando chifukwa cha munthu amene akukutukwanani?"

"Mpandowo ndi wa anthuwa, achemwali, aupereka kumene akufuna. Koma chinsinsi chija ndi cha iye uja, si changa, si chanu."

Ndidayang'ana khamu lija, ndidayang'ana tsidya lija, ndipo bamboyo adasiya kulankhula n'kundiyang'ana, chifukwa adandizindikira. Kwa kanthawi msewu wonse udali ngati ukudikira ine. Ndidatsegula pakamwa, koma chimene chidatuluka ndi chakuti, "Tiyeni tiyambe ndi pemphero," ndipo ndidapemphera pemphero lalifupi kwambiri pa moyo wanga wonse.

Achimwene adagonja pachisankhocho ndipo sadaimenso. Adabwerera ku ofesi yawo n'kumathandiza anthu pa milandu ya minda kufikira maso awo atafooka, osadandaula ngakhale tsiku limodzi. Wodandaula ndine. Mpaka lero ndikadutsa pa Nathenje ndimatembenuzira nkhope kwina, ndipo ndimadzifunsa ngati kukhala chete kwanga sikudalakwire anthu amene adavotera munthu asakumudziwa. Tsiku lina ndimati achimwene adakhoza, tsiku linzake ndimati adataya dera lonse pofuna kusunga munthu mmodzi, ndipo yankho lokhazikika ndilibe.

Ukufunsa kuti bamboyo adachita chiyani kwenikweni? Ndimadziwa kuti ufunsa. Inde, iye ndi achimwene onse awiri adamwalira, koma ana a bamboyo alipo, amagulitsa ndi kugula pamsika womwe timapita ife, ndipo iwo sadalakwe kanthu. Sindikuuza, Tadala, lero kapena mawa.

Pita ukaphunzire, mdzukulu wanga, sindikukuletsa. Koma dziwa kuti anthu adzakubweretsera manyazi awo, ndipo ena mwa iwo adzakunyoza pambuyo pake akudziwa bwino kuti sungayankhe. Udzifunse tsopano, usanalandire fayilo yoyamba, ngati ungathe kuima pamaso pa anthu uli ndi mawu okupulumutsa pakamwa, n'kuwameza.