Mbiri ya Bambo Ilaitia Ravouvou, Amene Ankalumitsa Ana Mendulo

Malemu Bambo Ilaitia Ravouvou anabadwa pa 9 Meyi, 1951, kuno ku Vatukoula, m'nyumba za ogwira ntchito mumgodi. Bambo awo ankakumba golide, ndipo chilichonse chonyezimira ankayamba achiluma, ati golide weniweni amalola dzino. Ngakhale ndolo za akazi awo sizinapulumuke.

Sukulu malemu anayamba mu 1957 ku Tavua, n'kulekezera Fomu 4. Kuthamanga ankakukonda kwambiri, koma tisaname pamaso pa maliro, miyendo inkawakana. Mu 1972 anagula kamera yakale ku Ba n'kuyamba kujambula anzawo aliwiro. Mu 1976 anamanga banja ndi Mayi Litiana mumpingo wa Methodist.

Chimene chinkawadya mumtima n'chakuti ana akumgodi kuno ankapambana mipikisano ya sukulu chaka ndi chaka, koma nyuzipepala ina ya kulikulu ku Suva inkangotulutsa nkhope za ana am'tauni. Malemu anatumiza zithunzi zaka zingapo, osatuluka n'chimodzi chomwe. Analumbira kuti iwo ali moyo, mwana wakuno sadzapambananso osaoneka.

Mu 1981 mtsikana wakuno, Asenaca, anapambana mpikisano wothamanga. Atamuveka mendulo anangoima chilili, nkhope pansi ndi manyazi. Malemu anakumbukira bambo awo, n'kumuuza kuti ailume, aone ngati akuluakulu a ku Suva sanamupusitse. Mtsikana analuma uku akufa ndi kuseka, ndipo chithunzi chimene malemu anajambula pamenepo chinatuluka patsamba loyamba. Kuyambira pamenepo mwana wakuno akapambana ankadziwa chochita. Malemu akaona pa wailesi yakanema akatswiri akunja akuluma mendulo, ankati onsewo anaonera kwa iwo. Ife umboni umenewo tilibe. Tinkangovomera kuti chikho cha chakumwa chathu cha yaqona chipitirize kuzungulira.

Mu 2019 anawapeza ndi matenda a shuga, ndipo pofika 2022 maso anali atasiyiratu kuona. Kamera sanaisiye. Ankapita nayo kubwalo atagwiridwa dzanja ndi mwana wawo Salanieta.

Mu Epulo chaka chino, ali gone m'chipatala ku Lautoka, anamva kuti mdzukulu wawo Unaisi wafika mumpikisano womaliza ku Suva. Madokotala analetsa, ife abale tinaletsa. Iwo anavala nsalu yawo ya sulu yakutchalitchi, kamera m'khosi, n'kukhala pakhomo pa wodi osadya kanthu mpaka tonse tinagonja n'kupita nawo ku Suva. Unaisi anamaliza wachitatu. Salanieta anawalozetsera kamera, iwo n'kuuza mwanayo kuti alume, n'kudina okha. Chithunzicho chinapendekeka ndipo mutu unaduka pamphumi, koma mano ndi mendulo zikuoneka bwinobwino. Iwo anangofunsa ngati mwana waoneka. Titavomera, anati tsopano tingathe kuwabwezera kwa madokotala aja.

Anatisiya pa 2 Meyi, 2024, kuchipatala komweko. Zatiwawa kwambiri.

Asiya Mayi Litiana, ana anayi ndi zidzukulu zisanu ndi zinayi. M'malo mwa banja, ndikuthokoza anamwino a ku Lautoka chifukwa chopirira makani awo, abusa ndi amayi amumpingo, achibale amene mwabwera ndi mikeka, zilazi za dalo ndi mphatso yaulemu ya mano a namgumi, komanso inu othamanga akale amene mwanyamula bokosili.

Bambo Ilaitia, zimene munalumbira munazichita. Mzimu wanu uuse mumtendere.