Kalata Yosapuma

Mayi wina wochapa zovala pahotela anauzidwa kuti pofika 12 koloko masana akhale atapereka kalata ya Chingerezi yofotokoza chimene anajombera masiku atatu, apo ayi ntchito yatha. Nthawi ili kuma 11, anali m'kachipinda ka bambo wotayipa makalata, mwana ali kumsana, pepala long'amba m'kope lili patebulo.

Bamboyo anakonza magalasi n'kuyendetsa chala kuchokera pamwamba pa pepalalo mpaka pansi.

"Mayi, chiganizo choyamba chathera pati?"

"Sichinathe."

"Nanga chachiwiri chayambira pati?"

"Chiyamba bwanji chinzake chisanathe? Inu kusukulu munkakatani?"

"Tsamba lonseli mulibe kadontho ngakhale kamodzi."

"Sindinaiwale. Ndasiya dala. Bwana wathu simukumudziwa inu. Ndalowa mu ofesi mwake kawiri. Ukangoti umeze malovu, iye, 'Chabwino, ndamva, tulukani.' Ndiye ndichite kumukonzera ndekha pondidulira?"

"Pepala silimeza malovu, mayi."

"Ooo! Zikomo, aphunzitsi. Ine ndimayesa limameza."

Bamboyo anagwedeza mutu mokhutira, ngati wapulumutsa munthu. Kenako anasongola pensulo.

"Njira yake ndi iyi. Werengani mokweza. Pamene mupume, ine ndiikapo kadontho."

Mayiyo anaseka chamumtima. Munthu amene amaletsa mwana, kukalipira mwamuna ndi kuyankha apongozi mumpweya umodzi, lero akagonje ndi pensulo? Anamanga chitenje, nakoka mpweya, n'kuuyamba. Anadutsa pamene mwana anatentha thupi, anadutsa pamene basi inafera panjira, anafika mpaka pamzere wa kuchipatala, pensulo ili m'malere. Mwadzidzidzi mwana kumsana kuja anam'koka ndolo.

"Leka iwe!"

Bamboyo anatsitsa pensulo. "Kadontho."

"Ndimalankhula ndi mwana!"

"Koma mwaima." Analemba kenakake m'mphepete. "Nanga 'leka iwe' ameneyu timuike m'Chingerezi, kapena bwana wanu amva choncho?"

"Muikeni pamwamba penipeni, bambo. Akhale moni."

"Moni wa kalata ya kuntchito sakhala wotero."

Mayiyo anayang'ana kudenga, nayang'ana wotchi yapakhoma. Hafu pasiti leveni. Anamasula mwana n'kumukhazika pamiyendo.

"Taonani mmene zimvekere tikazikonza," anatero bamboyo. "Chiganizo choyamba chikhale chakuti munajomba masiku atatu. Kadontho. Chachifupi, chomveka."

"Eya! Mwandipachika bwino kwambiri. Bwana awerenga kuti ndinajomba, aona kadontho, atseka failo. Matenda a mwana ali kuseri kwa kadonthoko, akawaona ndani?"

"Kadontho kalibe kuseri, mayi. Ndi kakang'ono."

"Kang'ona konse n'kakang'ono kakamaswedwa."

"Muno mulibe ng'ona."

"Ambuye, ndigwireni dzanja!" Mayiyo anakankhira pepala kwa iye. "Werengani inuyo, akatswiri opuma. Pamene mupume, ikanipo. Sindiyankhulanso."

Bamboyo anaika pensulo patebulo, natsokomola, n'kuyamba ndi mawu a munthu wowerenga zilengezo m'tchalitchi. Pa basi yakufa anali adakali wolemekezeka. Pofika pamzere wa kuchipatala liwiro linakwera. Atafika pamene mwana anayamba kugwedezeka m'manja mwa mayi wake, maso atatembenuka, magalasi anatsetserekera kunsonga kwa mphuno koma sanawakweze. Mitsempha ya m'khosi inaima. Anafika pamene namwino analanda mwanayo n'kuthamangira naye kuseri kwa katani, ndipo pepala linathera pomwepo.

Analitembenuza. Kumbuyo kunalibe kanthu. Anasuzumira pansi patebulo.

"Ndiye?" anafunsa ali wefuwefu.

"Ndiye chiyani?"

"Mwanayo! Anachira?"

"Nanga amene akukutafunirani pensulo uyu ndi mzukwa?"

Bamboyo anayang'ana mwanayo nthawi yaitali. Mwanayo anamuyang'ananso, dovu likuyenderera papensulo.

"Koma mayi, munthu amalekeza nkhani pamenepa?"

"Pepala linatha. Wofuna kumva zotsala andiitane mu ofesi, andipatse mpando." Analoza wotchi ndi mlomo. "Mwapuma kangati?"

Bamboyo anayang'ana pepala lija. Anatenga labala n'kufufuta kadontho kake kamodzi kaja, nauzira zinyenyeswa, n'kukokera kompyuta pafupi.

"Ndiye ndisaike ngakhale kamodzi?" anafunsa chapansipansi.

"Kamodzi ikani, pambuyo pa dzina langa," anatero mayiyo akubereka mwana. "Kakakulu ndithu. Asamati sukulu sitinapiteko."