Mphumu ya Mkazi Wanga Sinali Mdulo

Abale mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ndamva kuti pamsika pa Sinda nkhani ya matenda a mkazi wanga ikukambidwa mokhota, choncho ndiiwongole ine mwini khomo.

Mkazi wangayo, NaPhiri, anayamba kubanika m'nyengo yopuntha chimanga. Alongo awo atafika ndi kumva chifuwa chikulira, anagamula kuti ndi mdulo: akuti ine, mkulu wa mpingo, ndinayenda ndi mkazi wina. Anawagoneka m'chipinda mmene timasunga matumba a chimanga, natseka mazenera ndi nsanza kuti mphepo ndi dzuwa zisawakhudze. Ine anandiletsa kulowamo kufikira nditaulula pamaso pa ankhoswe. Ndikapanda kutero, atenga mlongo wawo, ukwati uthe.

Ndinakana. Sindinaphunzire mpaka ku sekondale kuti ndidzavomereze tchimo lopeka. Koma miyezi inapita ndikupemphera pakhonde, ndikumva mkazi wanga akulimbana ndi mpweya, ndipo ndinafunsa Mulungu ngati kukana kwanga kudzawapha.

Ena akuti tinaitana mneneri, ena akuti ndinaulula mseri. Zonsezo n'zabodza. Yankho linadzera mwa wodwala yemweyo. Mmawa wina anaitana chitseko chili chotseka: “Atate a Chisomo, mukudikira chilolezo cha yani? Mangani ng'ombe.” Mlamu wanga, mlongo wawo uja, anaima panjira nati ndikawatulutsa maliro adzakhala pamutu panga. Ndinati avomere kuti moyonso udzakhala pamutu panga, ngolo n'kudutsa.

Kuchipatala ku Katete adokotala anati ndi mphumu, ndipo fumbi la chimanga ndilo linkaiputa. Magazi anaonetsanso kuchepa kwa vitamini D, imene thupi limapanga khungu likawombedwa ndi dzuwa. Anafotokoza kuti ikachepa, chitetezo cha m'mapapo chingathe kulusa mopyola pa fumbi wamba, njira za mpweya n'kutupa. Mdima umene anawatchinjiriza nawo unkawonjezera vuto. Anawapatsa mankhwala opopera m'kamwa ndi mapiritsi, nalamula kuwothera dzuwa, kudya mazira ndi kapenta, ndi kuchotsa matumba aja.

Mphumu sinathe, koma yagonja. Mlamu sanapepese, ndipo sindikumudikira. Ankhoswe atabwera kudzamva mlandu, NaPhiri anawalandira ali pampando pabwalo, nawauza okha kuti pano sachoka.

Ndikuyamika Mulungu amene anasunga mpweya wawo ndi dzina langa. Inu amene mukukakamizidwa kuvomera bodza kuti wodwala wanu achire, limbikani m'pemphero, ndipo mupite naye kuchipatala.