Mkaka wa kutupa

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, monire mose. Ndikufuna kuchitira umboni, koma ndiyambe ndi kudzitama, poti mumandidziwa kale. Kuchokera pa Kaseye mpaka kumalire a Tanzania, palibe wamalonda amene anandigonjetsapo ponenerera. Ine munthu ndimamutsitsa mtengo mpaka iye yemwe n'kundithokoza.

Nditangofika kuno kuchokera ku Dedza, Chiswahili changa chinali cha mawu owerengeka, koma ndinkayenda ngati wobadwira ku Mbeya. Tsiku lina kumalire ndinapeza Mswahili ali ndi zitini za mkaka waufa wa ku Ulaya, atazikankhira kuseri kwa matumba. Ndinamufunsa mtengo. Iye kupukusa mutu: "Hapana, ndugu. Ya kutupa."

Ine kuseka. "Wa kutupa? Ndi umene ndikufuna, achimwene. Mwana wanga ngowonda, atupeko."

Inu eni dera mukuseka chifukwa mwamva kale. Kwathu kutupa ndi kufufuma. Kwa iwo kutupa ndi kutaya. Munthu uja ankandiuza kuti mkakawo ngotaya, ine ndikumva kuti ngonenepetsa. Ndinamukakamira mpaka anatopa nane. Ndinamanga katoni yonse panjinga, n'kubwerera ndikuimba mluzu.

Mwana wanga Nelia anamwa. Anamwa, abale, mpaka chitini chomaliza amayi ake anayamba kusungiramo mchere.

Kenako mphunzitsi wina, amene ankamvera wailesi zakunja motsitsa mawu, anandinong'oneza kuti ku Russia kunaphulika fakitale ya magetsi a nyukiliya. Akuti utsi wake unagwera pamsipu, ng'ombe zinadya, ndipo mkaka umene azungu anaukana unkafunafuna kolowera. Ndinamuuza kuti achepetse mowa.

Patapita zaka, khosi la Nelia linayamba kutupa. Kutupa kwathu kuja, kwa Chichewa. Kutopa kosatha, kuzizidwa dzuwa lili pamutu, kusukulu mutu osagwira. Kuchipatala ndinafunsa za mkaka uja. Adokotala anayamba ayang'ana kuchitseko, kenako anati, "Ndi chithokomiro, bambo, kumapiri a Mafinga chadzaza. Zinazo musamafunse mokweza, dziko lino ndi lamtendere." Mwina ananena zoona. Mpaka lero sindikudziwa, ndipo palibe amene adzandiuze.

Koma nkhani inamveka. Anzake a Nelia anamutcha "wapoizoni", osafuna kudya naye mbale imodzi. Mwana anamanga duku pakhosi, n'kutseka pakamwa. Akatsegula, funso linali lomwelo: "Ababa, ndikadzabereka, nayenso adzatupa?"

Ndinayesa kunenerera ndi Mulungu. Ndinati chotsani chotupacho, ine ndisiya malonda a Lamulungu. Sanatsitse. Ameneyu, abale, satsitsa.

Chotupa chilipobe. Koma mwamuona Nelia m'mawa uno m'kwaya, mzere wakutsogolo, khosi lili poyera, duku walisiya kunyumba. Palibe anamuuza. Anangoti, "Limandithina poimba."

Umboni wanga ndi umenewo. Si zonse zimene ndinapempha, koma ndalandira. Yewo chomene abusa, ndi inu amayi amene munkabwera dala kudzadya naye mbale imodzi anthu akuona. Kondwerani nane, ombani m'manja mpaka Nelia amve kumene wakhalako.

Koma mukamaliza kuomba mundiyankhe. Mswahili uja anakana, ine ndinamugonjetsa, n'kubwera ndikuimba mluzu. Tsiku lija kumalire, anapambana ndani?