Chishalo cha Mabowo

Pa siteji ya matakisi ku Menlo Park, bambo wina anali kuyang'anitsitsa njinga yampikisano ya munthu wina amene sankamudziwa.

"Achimwene, chishalo chanuchi adya makoswe? Mabowo okhaokha ngati chisa cha njuchi."

"Anachipanga dala chonchi, akuti amachita kusindikiza pa makina. Njingayi anandipatsa abwana ku Waterkloof. Inenso ndinkayesa chatha, ndiye ndinachikulunga siponji n'kumanga ndi mphira, ngati a kabaza kwathu ku Balaka."

"Chinayamba kukoma?"

"Eish! Kumunsi konseku kunachita dzanzi. Mayi a kunyumba anayamba kundifunsa ngati ndapeza wina. Ine ndinkangoti andilodza."

"Ndiye munatani?"

"Ndinapita kukiliniki. Anesi anandifunsa chimene ndimakhalira popita kuntchito. Akuti siponji ikaphwa imafinya mitsempha, pomwe mabowowa amapereka mpata. Ndinamasula tsiku lomwelo."

"Ndiye panopa?"

"Panopa mayi akumandiphera nkhuku ngakhale pakati pa sabata."

"Mulungu ndi wamkulu, achimwene! Inenso njinga yanga ndinaimanga masiponji awiri ndi mphira. Moti pano ndikudikira takisi ya kwa sing'anga ku Hammanskraal."

"Bwererani kunyumba, abambo. Mukangofuna mpeni basi."