Nyimbo ya Bambo Ake Inafika Pagulu

Omvera anzanga, ndine gogo wa ku Majaua ku Mozambique, mtima ukuvina, ukuvina ndithu. Mwana wanga anapeka nyimbo ya sewero la kutchalitchi, yonena mmene malemu bambo ake anatiwolotsera mtsinje wa Ruo nthawi ya nkhondo. Anaiimba yekha pafoni, mawu akulira ngati njinga yosowa mafuta.

Ndinati, "Mwanawe, usawachititse manyazi bambo ako pagulu."

"Amayi, ine ndangolambula njira, woimba ndi wina."

Tsiku la sewero ku Milange, mtsikana wosewera mbali ya ineyo anaikweza nyimbo ija, anaitsitsa, anaikwezanso. Anthu misozi mbwee, ine nthungululu.

Mayi wina anandifunsa, "Mtsikanayo ngwanu?"

Ndinati, "Wanga ndi uyo wabisala kumbuyoyo. Nyimboyi njake, ndipo bambo ake alemekezeka lero."